Katumbu ndi Zitini Zopindika

Padangokhala. Ndati padangokhala, koma "tilitonse" ndamumva kwa anthu awiri okha. Enanu mwasiya pakamwa kunyumba? Chabwino, tiyenda ndi awiri omwewo.

Padangokhala Katumbu, mnyamata wa manja ochenjera ndi lilime lochenjera kuposa manjawo. Anakakwatira kwa a Vumbwe, ukwati wa chikamwini. Anasiya kwawo n'kukamanga nyumba pamudzi pa mkazi wake Nangondo, ndipo anabereka mwana mmodzi wamkazi, dzina lake Sungeni. Katumbu ankamukonda mwanayo kwambiri. Ndanena zimenezi poyambirira pomwe kuti musadzati ndamunenera zoipa zokhazokha.

Apongozi ake, mayi Vumbwe, anali munthu wosunga mwambo. Iwo ndi mkamwini wawo sankayang'anana m'maso, sankadyera pamodzi, sankalankhulana. Akakumana panjira, Katumbu ankapatukira pambali n'kunjuta mpaka adutse. Pakakhala mawu, ankadzera mwa Nangondo, ndipo Nangondo akachokapo ankadzera mwa nsanamira ya pakhonde.

"Nsanamira iwe," amatero mayi Vumbwe, "denga la nkhokwe likudontha."

Katumbu, ali chapatali, nkhope kumbali: "Nsanamira, uwauze amayi kuti mawa ndifolera."

Basi, nkhani yatha, ulemu uli pomwepo.

Ntchito ya Katumbu inali yoika nsomba m'zitini. Anali ndi kafakitale kake, ndipo pa chitini chilichonse ankamatapo chithunzi cha chambo chonenepa, poti nyama zambiri sizinkadziwa kuwerenga, zinkagula poona chithunzi. Analinso ndi nyimbo yotsatsira malonda. Inali yaifupi. Iye ankatsogola ndi mawu otama chambo, ogula n'kuvomera kuti chimene waona kunja n'chimene udye m'kati, kenako onse n'kuomba m'manja kawiri. Inalowerera moti ngakhale odana naye ankangozindikira akuiimba posinja.

Poyamba m'zitinimo munalidi chambo. Koma ogula atachuluka, chambo chinayamba kusowa. Wina akanachepetsa zitini n'kumagona tulo tabwino. Katumbu ayi. Anayamba kusakaniza ndi mlamba, palibe anadandaula. Anawonjezera ambululu ndi achule, palibe anadandaula. Pomaliza anayamba kutola nsomba zofa zokha, zoyandama mimba zitatupa. Zonsezo zinkathera mumtondo tsiku lomwelo, n'kuthira matimati ambiri ndi tsabola wokwanira kuti lilime lisafunse mafunso. Pakhomo pa fakitale ankapachika mitu ya chambo kuti odutsa aziona.

Chambo chochepa chimene ankachipeza sankachisakaniza ndi kanthu. Ankachiika m'zitini zapadera, ndipo chitini chilichonse chotero ankachikanikiza ndi chikhadabo m'mphepete mwa kunsi kuti chipindike pang'ono. Zopindikazo ndizo ankapita nazo kunyumba kuti Sungeni adye. Chinsinsi chimenechi sanauze munthu, ngakhale mkazi wogona naye mphasa imodzi.

Mayi Vumbwe zinkawawawa mtima.

"Nsanamira iwe, anthu akunja akudya za m'zitini zosalala, zonyezimira. Ife eni ake kutibweretsera zopindika ngati zotola kudzala. Mdzukulu wanga analakwa chiyani?"

"Nsanamira, uwauze amayi kuti wamalonda amadya zotsala."

"Nsanamira, kuumira n'kumeneko."

Tsiku lina mayi Kakowa, mphunzitsi wa sukulu ya m'deralo, anatsegula chitini n'kupezamo kaphazi ka chule, zala zonse zili bwinobwino. Anakakulunga m'tsamba n'kupita nako kwa Ng'azi, mkulu woyendera zakudya. Lamulo la dzikolo linali lomveka: wogulitsa chakudya chosiyana ndi chimene wajambula kunja, kapena chodwalitsa anthu, malonda ake atsekedwe ndipo iye achotsedwe m'deralo. Ng'azi anali wosalandira ziphuphu, ndipo lilime lake lamphanda linkasiyanitsa chambo ndi mlamba ngakhale utathira tsabola wodzaza dengu.

Anafika pa fakitale ndi wapolisi Njiri, mayi Kakowa ali pambuyo.

"A Katumbu, pali dandaulo. Akuti m'zitini zanu muli achule."

"Achule, bwana? Khalani pansi kaye, mwayenda padzuwa. Mlendo safunsa milandu ali chiimire."

Ng'azi anakhala. Katumbu anapita pa mulu wa zitini, natenga chimodzi ngati wangotola, koma chala chinali chitamva kale kupindika kwa kunsi. Anachitsegula.

"Mwambo wathu mukuudziwa, bwana. Wopereka chakudya amayamba walawa yekha, kuchotsa ufiti."

Analawa, n'kupereka. Ng'azi anatulutsa lilime, nalibweza, nalitulutsanso.

"Ichi ndi chambo," anatero.

"Nanga kaphazi aka?" anafunsa mayi Kakowa, akutambasula tsamba lija.

Katumbu anakayang'ana mwachifundo. "Aphunzitsi, ndifunse nawo. Dzulo masana munadya chiyani?"

Aliyense akudziwa kuti Kakowa sachoka m'dambo tsiku lonse, ndipo sapitirako kukasamba.

"Kanatsalira m'kamwa, n'kugwera m'mbale," anatero Katumbu. "Zimachitika. Ine sindikusungirani kukhosi."

Njiri anaseka mpaka kukhosomola. Mayi Kakowa anabwerera ndi manyazi, ndipo alendowo asanakhote pangodya, Katumbu anali atayamba kale nyimbo ija, antchito ake akuvomera ndi kuomba m'manja kawiri.

Sipanapite nthawi, matenda a m'mimba anagwa m'midzi. Akuluakulu ankasanza, kutsekula, n'kuchira. Ana ndiwo ankavutika. Mwana wa Pusi, wamsinkhu umodzi ndi Sungeni, anadya nsomba za m'chitini n'kudwala, ndipo sanadzukenso. Katumbu anapita kumaliro, anasenza nawo nkhuni, anakumba nawo manda. Mumtima ankadziuza kuti ndi malungo. Munthu akafuna kudzinamiza sasowa mboni.

Mayi Kakowa anamutenga Pusi n'kupitanso naye kwa Ng'azi, ndipo Ng'azi anabweranso pa fakitale, ulendo uno osalandira mpando.

"Lero ndisankha ndekha."

"N'zimene ndimafuna, bwana. Fakitale ndi yanu."

Koma Katumbu anali ataganiza kale. Anadziwa kuti munthu amene wakayikira za pamwamba amakumba pansi. Choncho Ng'azi atangochoka ulendo woyamba uja, zitini zopindika zonse anazisanja mzere wapansi, kumbuyo kwenikweni, kukhoma. Ng'azi anadutsa zapatsogolo osaziyang'ana. Anagwetsa mulu ndi mchira wake, nakwawira kukhoma, natulutsa zitatu za pansi penipeni.

"Bwanji izi zapindika kunsi?"

"Zili pansi, bwana, zasenza zinzake zonse. Inunso titakusanjikizani katundu wotere simungapindike?"

Ng'azi anaona kuti n'zomveka. Anatsegula, Katumbu anachotsa ufiti, lilime lamphanda linagwira ntchito yake. Chambo. Chachiwiri chambo. Chachitatu chambo.

"Pepani a Pusi," anatero Katumbu, "chisoni chanu n'changa chomwe. Koma maliro akasowa chifukwa, anthu amaloza wolemera."

Madzulo ake nyimbo ija inamvekanso, ndipo m'manja munaombedwa kawiri monga mwa nthawi zonse.

Ng'azi zinamupweteka. Lilime lake linali lisanamunamizepo, koma odwala sankachepa. Ulendo wachitatu sanabwere kudzalawa. Anabwera ndi Njiri ndi apolisi anzake ndi ngolo, nakweza zitini zonse za m'fakitale, napita m'magolosale kukatola zotsala, nakazikhuthula pabwalo la milandu pamaso pa woweruza, a Mvuu. Anazisakaniza ndi fosholo kuti pasakhale chapansi kapena chapamwamba.

Tsiku la mlandu Nangondo sanathe kupita, poti anali woyembekezera, masiku atayandikira. Mayi Vumbwe ndiwo anabereka Sungeni kumbuyo.

"Nsanamira iwe," anatero ponyamuka, "mkamwini wanga ndi woumira, koma si mfiti. Ndipita ndikaone amene akumunenera zimenezo."

Bwalo linadzaza. Mayi Kakowa anafotokoza za kaphazi, Pusi anafotokoza za mwana wake, Ng'azi anafotokoza za maulendo ake awiri. A Mvuu anamvetsera atatsinzina.

"Nkhani yake ndi yapafupi," anatero. "Titsegule zitatu. Mukapezeka chambo, Katumbu ndi mfulu ndipo mlandu uwu usadzabwerenso. Mukapezeka zina, lamulo mukulidziwa. A Ng'azi, sankhani."

Katumbu anakweza dzanja. "Bwana woweruza, ndiloleni. A Ng'azi andichezera kawiri osapeza kanthu. Munthu wochita manyazi kawiri angathe kuponya chitini chakechake pamulu. Ngolo inali m'manja mwawo, ine kunalibe."

Ng'azi anafufuma pakhosi. "Ine ndingachite zimenezo?"

"Sindinati mwachita. Ndati mungathe."

"Ndiye ndisankhe ine," anatero a Mvuu.

"Woweruza akasankha wasanduka mboni, bwana. Nanga adzaweruza ndani?"

A Mvuu anakanda khutu. "Ukufuna usankhe wekha?"

"Ndikasankha ndikuona, mudzati ndimazidziwa. Ndimangeni m'maso. Andimange mayi Kakowa amene amandida, ndi duku lawo lomwe. Chimene dzanja ligwire, chomwecho."

Bwalo lonse linang'ung'udza movomereza. Ngakhale Ng'azi anaona kuti palibe chilungamo choposa chimenechi. Onsewo anaiwala chinthu chimodzi chimene mwana aliyense amachidziwa, kuti Katumbu sagwira nsomba ndi maso. Amazigwira m'madzi amatope, ndi manja.

Mayi Kakowa anamanga dukulo mpaka Katumbu anadandaula mutu. Anamuzunguza katatu n'kumusiya pamulu. Iye anapapasa uku ndi uku, akudzigwetsa dala kuti anthu aseke, akung'ung'udza nyimbo yake chapansipansi, zala zikuyenda kunsi kwa zitini. Anatola chimodzi, china, ndi chinanso.

Pochotsa ufiti, mayi Vumbwe anatembenuka n'kufunda chitenje kumaso, poti sangaone mkamwini akutafuna. A Mvuu sadya nsomba, choncho analawa Ng'azi ndi mayi Kakowa.

"Chambo," anatero Ng'azi, mawu ali pansi.

"Chambo," anatero mayi Kakowa, misozi ili m'maso.

A Mvuu anagamula kuti Katumbu alibe mlandu, zitini zake zonse n'zabwino, zibwezedwe kwa mwini wake. Mayi Vumbwe analiza nthungululu yomveka kutsidya. Anthu anayamba nyimbo ija okha, Katumbu akuvina ndi duku la mayi Kakowa m'manja. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Sungeni anali atakhala pabwalopo kuyambira m'mawa osalawa kanthu, ndipo anayamba kulira njala. Mayi Vumbwe anamutsitsa kumbuyo.

"Tonthola, mwana wa mwana wanga. Chakudya cha abambo ako chili mulu wonsewu, iwe n'kumalira njala?"

Anapita pamulu paja. Anatola chitini, nachitembenuza, napeza chopindika, nachiponya pambali. Zaka zonsezi anadya zopindika mokakamizika, ndipo lero, pamaso pa bwalo lonse, mdzukulu wawo sakanadya za kudzala. Anasankha chosalala, chonyezimira, chopanda banga, chithunzi cha chambo chili mbee. Anabwereka chotsegulira kwa Njiri, natulutsa supuni imene anaimangirira pachitenje.

Katumbu anaona, mwendo wovina unaima m'malere. Anayang'ana uku ndi uku kufuna Nangondo, n'kukumbukira kuti ali kunyumba. A Mvuu anali asanadzuke pampando, ndipo Ng'azi anali pomwepo akupinda jekete lake. Pabwalopo panali nsanamira ya chisakasa cha woweruza. Katumbu anaiyandikira.

"Nsanamira iwe, uwauze amayi kuti mwana akadyere kunyumba. Pano pali fumbi."

Mayi Vumbwe, osacheuka: "Nsanamira, njala yamugwira pano, siinamugwire kunyumba."

"Nsanamira, chija anataya chija chili ndi mnofu wambiri."

"Nsanamira, lero lokha kuumira akusiye. Zopindika akadye yekha."

Chivindikiro chinatseguka. Katumbu analumphira pakati pa anthu n'kutsogola nyimbo yake, koma atasintha mawu. M'malo motama chambo, anaimba zoti mwana wabwino amadikira mpaka afike kwa mayi ake. Ankayembekeza kuti apongozi amva. Koma anthu nyimboyo anaizolowera, sanamvetsere mawu otsogola. Anangovomera mwamphamvu kuti chimene waona kunja n'chimene udye m'kati, n'kuomba m'manja kawiri, ndipo Sungeni naye anaomba, kukamwa kuli yasa kudikira supuni.

"A Njiri," anatero Katumbu msangamsanga, "thamangani mukatenge chitinicho. Sindinachotse ufiti."

Umenewo ndi mwambo, mayi Vumbwe sakanakana. Njiri anabwera nacho. Katumbu anatembenukira kumbali, nakhuthulira chonse m'kamwa, nameza osatafuna. Iye yekha ndiye ankadziwa chimene wameza.

"Pepani, dzanja laterereka."

"Nsanamira iwe," anatero mayi Vumbwe, "kuchotsa ufiti kwa masiku ano n'kumaliza mbale? Kuumira kokha sikunakwane, wawonjeza kususuka."

Anthu anaseka. Mayi Vumbwe anatola china chosalala n'kutsegula. Katumbu anatumanso Njiri, namezanso chonse. Anthu anasekanso, koma Ng'azi sanaseke. Anaika jekete pansi.

M'mimba mwa Katumbu munayamba kubangula. Thukuta linatsika. Anayang'ana mulu uja, wofika m'chiuno mwa Njiri, naona kuti sangaumeze wonse. Mayi Vumbwe anali atatsegula chachitatu, ndipo ulendo uno sanadikire wapolisi.

"Ufiti wachotsedwa kawiri, wakwana," anatero, akutunga ndi supuni. "Yasama, Sungeni."

Nzeru za Katumbu zinali zitatha. Akakhala chete, akhala mfulu, fakitale ndi yake, ndipo mwina mwanayo angosanza n'kuchira. Koma manda a mwana wa Pusi anakumba nawo yekha, ankadziwa kufupika kwake.

Katumbu anadumpha, nagwira apongozi ake pamkono, nawayang'ana m'maso.

"Amayi, musamupatse."

Mkamwini kugwira mkono wa apongozi, kuwayang'ana m'maso, kuwalankhula pamaso pa anthu, zinali zisanaonekepo m'dziko limenelo. Supuni inagwa pansi. Mayi Vumbwe anayang'ana dzanja limene linawagwira, osakhulupirira.

A Mvuu anatsegula maso onse awiri. "Asamupatse chifukwa chiyani? Si iwe wangopambana mlandu kuti zonsezi ndi chambo?"

Katumbu anatsegula pakamwa kuti anene za tsabola, kuti mwana sadya zowawa. Koma aliyense ankadziwa kuti Sungeni anakulira nsomba za m'chitini. Anatseka pakamwa.

Ng'azi anatola chitinicho, nalowetsamo lilime kamodzi kokha, nalavula.

"Mlamba, chule, ndi nsomba yoola. Chambo mulibe ngakhale mamba ake."

Anatola chija mayi Vumbwe anataya, nachipapasa kunsi, napapasanso zitatu zija za mlandu. Zonse zinali zopindika pamalo amodzi, kukula kwa chikhadabo chimodzi. Anatsegula zosalala zingapo motsatizana, ndipo fungo lake linathamangitsa okhala kutsogolo.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero mayi Kakowa, akutola duku lawo pansi. Sanamalize mwambiwo, poti aliyense amadziwa zimene zimakhala m'kati.

Pusi anaimirira. Sanakuwe, sanatukwane. Anayandikira Katumbu n'kunena kuti, "Wanu wapulumuka chifukwa bambo ake amadziwa chizindikiro. Wanga bambo ake ankangodziwa chithunzi."

Katumbu anagwetsa nkhope. Manyazi anamugwira, chisoni chinamugwira, ndipo m'mimbamo munali nkhondo moti Njiri anachita kumuperekeza kuseri kawiri chigamulo chisanaperekedwe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo tsiku limenelo anachitsekula yekha.

Atabwerako anayesabe kamodzi, poti khalidwe silichoka tsiku limodzi.

"Bwana woweruza, munanena nokha kuti mlandu uwu usadzabwerenso."

"Uja unabwera ndi a Ng'azi, ndipo unatha," anatero a Mvuu. "Uwu wabwera ndi iwe mwini."

Chigamulo chinatsata lamulo. Zitini zosalala zonse zinakwiriridwa m'dzenje lakuya, apolisi akuyang'anira. Fakitale inakhomedwa chitseko. Ng'azi analamulidwa kuti kuyambira tsiku limenelo, poyendera malonda a aliyense, mwini katundu aziima kunja, asamagwire chitini ngakhale ndi chala chimodzi. Katumbu anauzidwa kuti achoke m'deralo, asadzagulitsenso chakudya chotsekera kwa munthu aliyense.

Anapita kunyumba kukatenga mphasa yake. Nangondo anali atamva kale zonse, ndipo analira osatuluka m'nyumba. Katumbu anaima pabwalo, nayang'ana nsanamira ija ya pakhonde.

"Nsanamira iwe, uwapemphe amayi kuti ndipite ndi Sungeni, ngakhale masiku owerengeka."

Mayi Vumbwe anatuluka mwana ali kumbuyo. Sanafunde chitenje kumaso, sanatembenukire kumbali. Anaima patsogolo pake n'kumuyang'ana m'maso.

"Isiyeni nsanamira ipume, a Katumbu. Ndikulankhula ndi inu. Nsanamira ndi ya mkamwini, ndipo ine mkamwini ndilibenso. Mwana ndi wa kuno, mukudziwa mwambo. Kuti mwandigwira mkono lero, ndathokoza, chifukwa ndikanamupha ndi dzanja langali. Koma zaka zonsezi ndinkakutukwanani kuti ndinu woumira, pamene ana a anzanga ankadya zija. Bola mukanakhala woumira."

Sungeni anatambasula manja kuti abambo ake amunyamule. Mayi Vumbwe anamulola kamodzi, kenako anamutenganso n'kulowa naye m'nyumba.

Kuyambira pamenepo Katumbu sakhala m'mudzi. Amakhala kumadzi yekha, ndipo nyimbo ija palibe anamumvanso akuimba. Akagwira nsomba amaitembenuza m'manja, kuiyang'ana bwinobwino asanadye. Ndipo mukadzapita kukatunga madzi n'kupeza chambo chathunthu chili pamwala, mutu, mamba ndi mchira zonse zili poyera kuti aliyense aone chimene chili, musadzatole ayi. Chimenecho ndi cha Sungeni.

Yathera pompo. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaione yekha, ine ndamva fungo la kupserera kalekale.